Lero ku Lexington, kwa Kaputeni Parker

Lero ndinali pa ofu ndiye alamu anga akuti tiyeni mukaone Lexington, kumene inayambira nkhondo yomenyera ufulu wa America, simungakhale mu Boston muno mukungodziwa njira ya kuntchito ndi kutchalitchi basi. Takwera sitima mpaka Alewife kenako basi, ndipo kunja kumazizira kosati masewera.

Malo ake ndi bwalo la kapinga chabe pakati pa tauni, amati Battle Green, poyambira pali chiboliboli cha bambo wanyonga atagwira mfuti, anachiika mu 1900. Anthu amati ameneyo ndi Kaputeni John Parker, amene anatsogolera amuna a ku Lexington tsiku limene nkhondoyo inayamba, koma mayi wina woonetsa alendo malo watiuza kuti chithunzi cha Parker palibe olo chimodzi, nkhope ija wosema anangoipeka. Ndipo Parker weniweni tsiku limenelo sanali wojintcha choncho ayi, anali akudwala TB, kutsokomola kokhakokha.

Nkhani yake ili chonchi. Anabadwira konko mu 1729, mlimi komanso mmisiri, anakwatira Lydia Moore mu 1755 nkubereka ana 7. Usilikali sinali ntchito yake, nthawi imeneyo Massachusetts, dera limene muli Boston ndi Lexington, ali pansi pa mfumu ya ku Britain tauni iliyonse inali ndi gulu lake la amuna oiteteza, kuyambira zaka 16 mpaka 60, ngati a neba aja kwathu kungoti awa anali ndi mfuti, ndipo kaputeni amachita kumusankha okha. Ndiye tangoganizani anthu amene ukuwalamula ndi asuweni ako, apongozi, anzako opemphera nawo, wina woti munakanganapo za malire a munda.

Usiku wa pa 18 April 1775 uthenga unafika kuti asilikali a mfumu pafupifupi 700 anyamuka ku Boston kupita ku tauni ya Concord, njira yake yodzera ku Lexington, kukalanda zida ndi onga. Parker anasonkhanitsa anthu ake, kudikira, osaona kanthu, ena nkubwerera kukagona ena nkukaothera moto mu Buckman Tavern, nyumba yake ilipobe moyang'anana ndi bwalolo, taiona. Kukucha pa 19 ng'oma inalira, anafola amuna pafupifupi 77 okha. Amene anayamba kuwombera mpaka lero sadziwika, koma a Lexington 8 anafera pompo, 10 kuvulala, ndipo mmodzi mwa ofawo anali msuweni wake Jonas Parker, anachita kumubaya ndi beneti.

Apa ndi pamene tinatsutsana ndi alamu. Pamwala wina analembapo mawu oti ndi a Parker, kuti imani pomwepo, musawombere pokhapokha iwo ayambe, koma ngati akufuna nkhondo iyambire pano. Alamu kumvekere "mwaona alamu, ameneyu ndiye anali mwamuna!" Koma Parker mwini popereka umboni molumbira patangopita masiku ochepa anati anauza anthu ake kuti abalalike, asawombere. Mawu a pamwala aja anatchuka patapita zaka zambiri mwini wake atafa kale. Ine ndiye ndikumukonda Parker wobalalitsa anthuyo, munthu waona chigulu cha asilikali chikubwera, kumbuyo kwake kwaima abale ake enieni, akazi ndi ana akusuzumira m'mawindo, ukanakhala iwe ukanati chani? Komanso mantha ayi, masana ake omwewo anatenganso otsalawo nkukabisalira asilikali aja akubwerera ku Concord, malowo amawatcha Parker's Revenge.

Ufulu wa America sanauone. TB ija inamutenga pa 17 September chaka chomwecho ali ndi zaka 46, Lydia nkutsala ndi ana, ena adakali ang'ono, ndi munda, nkhondo itangoyamba kumene. Za mayiyu pabwalo paja sindinamve wina akutchula, zonse ndi za amuna ndi mfuti.

China chandigwira mtima ndi kachikwangwani kali pafupi ndi Buckman Tavern kokumbukira Prince Estabrook, munthu wakuda, kapolo, amene anafola nawo m'mawa umenewo ndipo anavulazidwa. Eti kumenyera ufulu wa anthu amene akukusunga ngati katundu. Anadzamasulidwa nkhondo itatha. Azungu a Lexington aja nawonso anali atsamunda ndithu, pa nthaka ya eni ake, kungoti anayambana ndi mfumu yawo.

Koma banja la Parker linadzatulutsa mdzukulu, Theodore Parker, wobadwa mu 1810, m'busa amene analimbana ndi ukapolo mosabisa mawu, mpaka kubisa akapolo othawa m'nyumba mwake. Ndi iyeyo amene anasunga mfuti ya agogo akewo nkuisiyira boma la Massachusetts, ndipo anakaipachika ku State House, nyumba yawo ya malamulo, m'chipinda cha Senate. Alamu akuti Lachisanu tikaione, koma sabata imeneyo ndili pa naiti, ndiye tiona.