PC yanga yasiya kuzima yokha, vuto linali RAM yomwe ndinawonjezera

Abale, nkhani ya PC yanga ija yafika pena. Amene mwakhala mukutsatira mukudziwa kuti makina awa ndimawamanga pang'onopang'ono malinga ndi mthumba, panopa muli Ryzen 5 3600, motherboard ya B450, ka graphics card kogula kwa munthu, ndi RAM (memory yomwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwira pa nthawiyo) ya 16GB yomwe ndi ma stick awiri a 8GB, DDR4-3200. Kwa nthawi yaitali zimayenda bwinobwino mpaka nditayamba kudula mavidiyo a kwaya yathu mu DaVinci Resolve, apa 16GB inayamba kuchepa, ukatsegula Resolve ndi Chrome nthawi imodzi makina amangopuma movutikira ngati akukwera phiri. Ndiye ndinasunga kandalama n'kukagula ma stick ena awiri a 8GB kuti zikwane 32GB. Pa sitika palembedwa DDR4, 3200, CL16, 1.35V, chimodzimodzi ndi akale aja kungosiyana mtundu wa kampani. Achimwene a pa shopu anati "bwana RAM ndi RAM, bola manambala afanane", ine ndinavomera chifukwa kunena zoona nthawi zambiri zimatheka ndithu.

Ndinaika, kompyuta inayaka, Windows ikuwonetsa 32GB, Task Manager ikuti 3200, mtima pansi.

Kenako zachilendo zinayamba. Uli mkati mwa ntchito skrini imangoda, mafani kulira pang'ono, logo ya motherboard iyo, yarisitata yokha popanda kutsanzika. Palibe uthenga, palibe blue screen, palibe chilichonse. Chopweteka mutu n'choti sinali ndi nthawi yake, tsiku lina imatha kugwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka usiku osavuta, tsiku lotsatira izima ukungowonera YouTube, ndipo usiku wina inapirira render yaitali yonse n'kudzazima nditangotsegula foda ya zithunzi. Vuto lokhala ndi nthawi yake umalisaka mosavuta, koma ili losankha lokha nthawi limakupangitsa kukayikira chilichonse m'nyumba.

Woyamba kumunamizira anali magetsi, mukudziwa kale mmene zimakhalira kuno, akabwera nthawi zina amabwera ofooka babu ikungofiira. Koma PC ili pa UPS, kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akathima, ndipo UPS yanga imalira ikangomva kuti magetsi agwedezeka, pomwe nthawi zonse zomwe makina amazima iyo inali phee, monitor yomwe ili pa UPS yomweyo siinazimepo. Wachiwiri kutentha, poti ndi nyengo ya fumbi. Ndinatsegula case, kupukuta, kupemerera fumbi pa heatsink, ndinayatsa HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa zida, n'kumayang'ana, purosesa ikamagwira ntchito yolemera imafika m'ma 70 digiri, pomwe malire a Ryzen 5 3600 ndi 95. Ndiye si kutentha. Power supply (PSU) ndinaikayikiranso kwambiri chifukwa PSU yotopa imachita ndendende zomwezi, kuzima osanena kanthu, koma PSU yofooka kawirikawiri imagwa pomwe graphics card ikukoka magetsi ambiri, pa gemu kapena pa render, osati ukuwerenga imelo.

Pomwe zinayamba kumveka ndi mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika za makina. Mukapita ku Windows Logs kenako System, nthawi iliyonse yomwe makina anazima mosayenera mumapeza Kernel-Power, Event ID 41. Anthu ambiri akaona mawu oti Power pamenepo amathamangira kukagula PSU yatsopano, chonde musatero msanga, 41 imangotanthauza kuti Windows yadzuka n'kupeza kuti siinatsekedwe mwadongosolo, ngakhale mutazula pulagi pakhoma ibweranso 41 yomweyo. Chofunika chili mu Details, pali mzere wotchedwa BugcheckCode. Ikakhala 0 ndiye kuti Windows siinapeze mpata wolemba chilichonse, mwina magetsi anaduka kapena makina anangouma. Ikakhala nambala ina ndiye kuti blue screen inachitika ndithu koma inadutsa mwachangu. Kwa ine zina zinali 0, koma zina zinali 26, ina 10, ina 80. Manambala amenewa amalembedwa mu decimal pomwe ma code a blue screen timawadziwa mu hex, ndiye 26 ndi 0x1A yomwe ndi MEMORY_MANAGEMENT, 10 ndi 0xA IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, 80 ndi 0x50 PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA. Code yosinthasintha chonchi, lero iyi mawa ina, driver yonenedwa nayonso kusinthasintha, kawirikawiri chala chimaloza ku memory. Driver imodzi yoipa imakonda kugwetsa makina mwanjira imodzimodzi.

Ndinapitanso ku System Properties, Advanced, Startup and Recovery n'kuchotsa chongi pa Automatically restart, kuti blue screen ikabwera iziima ndiiwerenge. Kachinthu kakang'ono koma ndikanakonda Windows ikanamabwera katachotsedwa kale.

Kenako kuyesa RAM yeniyeniyo. Windows Memory Diagnostic, ija mumaitsegula polemba mdsched, inati zonse zili bwino. Ine chida chimenechi sindichikhulupirira kwenikweni, chimagwira stick yomwe yafa zoonekeratu koma zolakwika za apo ndi apo chimazidumpha. Ndinaika MemTest86, pulogalamu ina yoyesera RAM, pa flash, kubuta kuchokera pa flash, n'kuisiya usiku wonse. Yaulere imazungulira ma pass 4 n'kuima. M'mawa ndinapeza zofiira, kutanthauza zolakwika, osati zambirimbiri ayi, zochepa chabe, koma pa RAM cholakwika ngakhale chimodzi ndi vuto, palibe zoti "ndi zochepa tizipita nazo". Bit imodzi ikatembenuka pamalo pomwe pali chithunzi mwina simuona kanthu, ikatembenuka pomwe pali kernel ya Windows makina agwa basi, n'chifukwa chake kuzimako kunalibe nthawi yake.

Apa maganizo anali oti stick imodzi mwa zatsopano ndi yakufa, ndibweze ku shopu. Ndinazula zonse n'kuyamba kuyesa awiriawiri mu slot A2 ndi B2, omwe ndi achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa, mmene buku la motherboard limanenera. Akale okha pa 3200, ayera. Atsopano okha pa 3200, ayeranso, palibe chofiira ngakhale chimodzi. Onse anayi pamodzi pa 3200, zofiira zabwerera. Onse anayi nditazimitsa XMP (profile yomwe imakweza liwiro la RAM), kutanthauza kuti akuyenda pa 2133, ayera. Ndiye palibe stick yakufa. Aliyense payekha ndi wabwinobwino, kungoti sakumvana akakhala anayi pa liwiro limenelo.

CPU-Z, pulogalamu yoonetsa zamkati mwa PC, ndi yomwe inaulula zonse. Pa tabu ya SPD mumasankha slot imodziimodzi n'kuona zomwe stick ikunena za iyo yokha, chifukwa pa stick iliyonse pali ka chip kakang'ono kosunga mbiri yake, ndipo BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yodzutsa makina, imawerenga kameneko poyatsa. Akale anga ndi single rank (ma chip ali gulu limodzi), atsopano ndi dual rank (magulu awiri). Ma chip a mkati ndi a makampani osiyana. Apa ndi pomwe ambiri sitidziwa, kampani yomwe dzina lake lili pa sitika nthawi zambiri siipanga ma chip, imagula kwa opanga akuluakulu monga Samsung, SK Hynix ndi Micron n'kuwamata pa bolodi yake, ndipo imatha kusintha komwe ikugula osasintha dzina la malonda, moti ngakhale mutagula mtundu womwewo patatha chaka mutha kupeza zamkati zosiyana. N'chifukwa chake amagulitsa ngati kit, awiri kapena anayi mu paketi imodzi, amenewo ndi omwe anayesedwa limodzi ku fakitale. Ma timing, manambala onena nthawi yomwe RAM imadikira isanayankhe, nawonso sanafanane, akale 16-18-18-36, atsopano 16-20-20-38. CL16 ija ya pa sitika ndi nambala yoyamba yokha, zotsatirazo palibe amene amakuuzani pa shopu. Ndiye mukayatsa XMP motherboard imatenga profile imodzi n'kuikakamiza pa onse anayi, yanga inatenga ya akale yothina ija, atsopano akuthamangitsidwa pa ma timing omwe sanalonjezepo.

Pajatu XMP yeniyeniyo ndi overclock, kuthamangitsa chida kupyola liwiro lake loyambira, ngakhale timaiona ngati chinthu wamba. DDR4 mwa muyezo wa JEDEC imayenda pa 1.2V, ndipo ma stick ambiri a magemu mukangowaika osakhudza BIOS amayamba pa 2133 kapena 2400, kuti afike 3200 CL16 amafuna 1.35V ndi profile ija. XMP ndi dzina la Intel, pa ma board ena a AMD mupeza akuti DOCP kapena A-XMP, ndi chinthu chimodzi.

Koma nkhani si ma timing okha. Memory controller, yomwe imayendetsa RAM, ili mkati mwa purosesa, ndipo ma stick akachuluka ntchito yake imalemera. AMD yokha pa ma Ryzen 3000 imati 3200 ndi ya ma stick awiri, mukaika anayi a single rank ndi 2933, anayi a dual rank ndi 2667. Ine ndili pakatikati, awiri single awiri dual, ndiye 3200 yomwe ndimaikakamira inali kale kunja kwa zomwe analonjeza. Ena makina awo amatha anayi pa 3200 kapena 3600 popanda vuto, zimatengera purosesa yomwe munapatsidwa, ma chip, ndi mmene njira za pa motherboard zinajambulidwira, ma board ambiri a daisy chain amakonda ma stick awiri, a T-topology ndi omwe amachita bwino ndi anayi. Mnzanga wina ali ndi purosesa ngati yangayi, anayi pa 3200 zikuyenda, ndiye amangondiseka kuti ndili ndi minyama.

Zomwe ndinachita ndi izi. Poyamba BIOS update, chifukwa ma update a AGESA, gawo la AMD la mu BIOS, nthawi zambiri amakonzako za memory, ndipo ndinaichita PC ili pa UPS batire itadzadza, BIOS si chinthu choti magetsi akuthimire uli pakati. Payokha siinathetse vutolo. Kenako ndinasiya XMP n'kulemba pamanja, liwiro 2933, ma timing ndinatenga omasuka aja a atsopano 16-20-20-38, DRAM voltage 1.35V, Gear Down Mode yoyatsa, zina zonse Auto. Kayikidwe ndinaika akale mu A2 ndi B2, atsopano mu A1 ndi B1, kuti channel iliyonse, A ndi B, ikhale ndi mmodzi wakale mmodzi watsopano, mbali zonse zilemere mofanana. Ndisanafike pa 2933 ndinayesako 3200 ndi ma timing omasukawo, MemTest86 inadutsa koma TestMem5, yoyeseranso RAM mkati mwa Windows, inagwira cholakwika makina atatentha, ndiye musamadalire chida chimodzi. Ndinayesanso 3066 n'kuthina ma timing pang'ono mwachidwi chabe, makina anakana kubuta, skrini bii mafani akungozungulira. Zikatere musachite mantha, zimitsani, zulani chingwe, chotsani batire ya CMOS ija yozungulira ya CR2032 kwa kamphindi kapena gwiritsani ntchito jumper ya clear CMOS, BIOS ibwerera pa chiyambi.

Pa 2933 MemTest86 yayera ma pass onse, TestMem5 yayera, Prime95 pa Blend, yomwe imalemetsa purosesa ndi RAM limodzi, ndinaisiya masana onse kukutentha ndipo siinagwe. Ndinathamangitsanso sfc /scannow, lamulo lofufuza mafayilo a Windows, chifukwa RAM yolakwitsa imatha kuwononga mafayilo omwe amalembedwa pa disk nthawi imeneyo, inapezadi ena owonongeka n'kuwakonza. Ka zip kena komwe ndinapanga masiku a vutowo kakukana kutseguka mpaka lero, ndiye mavidiyo omwe ndinakopera pa nthawi imeneyo ndikuwakoperanso kuchokera pa memory card ya kamera poti sindinaifufute.

Mwina wina afunsa kuti kutsika kuchoka pa 3200 kufika 2933 sikukupweteka? Pa Ryzen liwiro la RAM limakokanso Infinity Fabric, njira yolumikiza zigawo za mkati mwa purosesa, pa 3200 imayenda 1600, pa 2933 imatsika kufika cha m'ma 1467, ndiye pa benchmark kusiyana kumaoneka pang'ono. Koma pa ntchito yanga sindikukumva n'komwe, chomwe ndikumva ndi 32GB, timeline ya Resolve sikukakamiranso ndipo Chrome ndimaisiya yotsegula. Ndipo musadabwe mukaona CPU-Z ikulemba 1466 kapena 1467 MHz pa DRAM Frequency, siinatsike kawiri ayi, DDR imatumiza data kawiri pa clock iliyonse ndiye mumachulukitsa ndi 2.

Maganizo anga kwa amene mukufuna kuwonjezera RAM, ngati thumba likulola gulani kit imodzi ya 2x16GB n'kugulitsa akalewo, onaninso QVL pa webusaiti ya motherboard yanu, ndi mndandanda wa ma kit omwe anawayesa, ngakhale kit yosapezeka pamenepo sikuti siigwira. Ngati simungathe, kusakaniza si tchimo, kungoti jambulani tabu ya SPD ya CPU-Z pa foni musanapite ku shopu, funsani za rank ndi ma timing onse anayi, ndipo gwirizanani ndi wogulitsa kuti mubweza zikakanika. Achimwene aja nditawafotokozera anavomera kuti nditha kusinthitsa ndi 2x16GB nditawonjezera ndalama pamwamba, koma panopa ndalama imeneyo ndikuifunira SSD ya NVMe chifukwa mavidiyo adzadza kale disk.

Chomwe chatsala kuyesa ndi SoC voltage, magetsi opita ku memory controller ija, panopa ili pa Auto, ndikufuna ndiikhazike pa 1.1V ndione ngati 3200 ingakhazikike ndi ma timing omasuka aja, osapyola pamenepo chifukwa purosesa ina ndilibe. Ndidikira kaye ndimalize vidiyo ya kwaya yomwe akuifuna Lamlungu, sindikhudza BIOS ntchito ya anthu ili pakati. Ngati pali wina ali ndi 3600 pa B450 ndi ma stick anayi osakaniza, tandiuzeni ProcODT ya mu BIOS munaika pa zingati.