Mivi itatu ya Magic Missile: tiponye dayisi kangati?

Pa malamulo onse a matsenga mu Dungeons & Dragons (masewera a patebulo a nthano, oponya dayisi), kope lachisanu la 2014, limene limatikanganitsa kwambiri patebulo pathu ndi la Magic Missile. Matsengawa ndi a gawo loyamba, ang'onoang'ono ndithu: mivi itatu yowala, uliwonse umavulaza 1d4+1 (dayisi ya mbali zinayi kuphatikiza 1), ndipo suphonya. Nkhani imavuta mivi yonseyo ikalasa wamatsenga amene akugwirizira matsenga ena ndi maganizo, zija timati concentration.

Lamulo likuti ukavulala uli pa concentration uponye d20 (dayisi ya mbali 20), uphatikize nambala yako ya Constitution (kulimba kwa thupi), ndipo ufike pa 10 kapena theka la kuvulalako, kutengera chomwe chakula. Ukalephera, matsenga ako athera pomwepo. Likutinso chokuvulaza chilichonse chili ndi kuponya kwakekwake. Koma mivi ya Magic Missile imafika nthawi imodzi. Ndiye wakuvulaza ndi mmodzi kapena atatu?

Tiwerengere limodzi, anzanga. Wamatsenga wa Constitution +2 akufunika 8 kapena kuposa, ndiye mbali 13 mwa 20 za dayisi zimupulumutsa. Akaponya kamodzi, mwayi wake ndi 65 pa 100. Akaponya katatu, n'kufunika kupambana konseko, mwayi umagwa kufika pafupifupi 27 pa 100. Kamuvi kovulaza 2 kokha kangathe kugwetsa matsenga a concentration monga Haste kapena Hold Person amene gulu lonse likudalira. Mnzathu wina amene amasewera cleric (wansembe wamatsenga) akamva zimenezi amangoika pensulo pansi, n'kuyang'ana Bless yake pa pepala, chifukwa nayonso imafuna concentration ndipo akudziwa kuti sikhalitsa.

Ine monga DM (woyendetsa masewera) ndimaponyetsa katatu. Chifukwa changa n'chakuti miviyo ukhoza kuigawa kwa adani atatu osiyana, choncho uliwonse ndi muvi pawokha. Komanso zimapatsa wamatsenga wachichepere ntchito yeniyeni pankhondo: angathe kusokoneza mdani wamkulu amene sangamugonjetse ndi mphamvu. Ndimasangalala kuona wosewera watsopano atazindikira zimenezi payekha.

Chimene sindilola n'chakuti lamuloli likomere mbali imodzi. Ndimanena masewera asanayambe kuti adani nawonso adzaponya mivi yomweyo, ndipo adzalunjika amene wagwirizira matsenga. Amene akuopa aphunzire spell ya Shield, imene imatchinga Magic Missile yonse, koma akumbukire kuti imadya reaction yake (mwayi wochitapo kanthu isanafike nthawi yake) ndi spell slot imodzi (mpata umodzi woponyera matsenga), ndipo pa level 1 wamatsenga wa mtundu wa wizard ali ndi ma slot awiri okha.