Corolla yanga ndi kunjenjemera kwa pa idling: pomwe ndafika

Lero ndi Loweruka lachinayi ndikugwada pa boneti ya galimotoyi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndaizimitsa ndi kiyi isakunjenjemera. Ndilembe zomwe ndadutsamo zisanandichoke m'mutu.

Ndi Toyota Corolla ya 1994, injini ya 4A-FE, malita 1.6, ya mainjekita. Pamsewu imayenda bwinobwino, ukaponda moto imamva. Vuto limabwera pa idling, ndiye kuti ukaima injini ikungolira, itatentha kale. Muvi wa rev, wosonyeza liwiro la kuzungulira kwa injini, womwe umayenera kukhazikika cha pa 750 kapena 800, umagwa mpaka pa 500, chiwongolero n'kumanjenjemera m'manja, ndodo ya giya n'kumagwedezeka yokha. Ukayatsa magetsi akutsogolo ndiye imapuma mwabefu, nthawi zina n'kuzimiratu.

Ambiri anandilangiza kuti ndingokweza idling, ikhale pa 1,000, nkhani ithe. Ndinakana. Kukweza kumabisa matenda, mafuta n'kumathera chabe, chomwe chavutacho chikukulirakulira mkati.

Loweruka loyamba ndinasintha mapulagi onse anayi ndi sefa ya mpweya. Panalibe kusintha kulikonse. Chomwe chinandithandiza pambuyo pake n'choti mapulagi akalewo sindinataye, ndinawabaya pa katoni motsatana, 1, 2, 3, 4, kuyambira mbali ya lamba wa timing.

Loweruka lachiwiri ndinafunsa kompyuta ya galimotoyo. Ma Toyota a zaka zimenezi safuna makina owerengera. M'boneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, umalumikiza timabowo take ta TE1 ndi E1 ndi kawaya, n'kutembenuza kiyi osaliza injini, ndipo nyale ya check engine imaphethira manambala a vuto. Yanga inangophethira mofanana osapumira, kutanthauza kuti kompyuta sikuona cholakwika. Kawayako kadali pomwepo ndinaliza injini n'kuyeza timing, nthawi yomwe moto umathetheka m'silinda, inali pa madigiri 10 monga iyenera kukhalira. Tsiku lomwelo ndinachotsa throttle body, khomo lolowera mpweya mu injini. Kuseri kwa kachitseko kake kunali mwaye wonyowa ngati phula, ndipo valavu ya idling, yomwe imalowetsa mpweya kachitsekoko katatsekeka, inkazungulira monyinyirika. Nditatsuka, injini inasiya kuzima ndikayatsa magetsi. Mtima unakhala pansi kwa masiku awiri okha, chifukwa kunjenjemera kunali kudakalipo.

Apa m'pamene ndinasiya kugwiragwira zinthu, n'kukhala pansi kumvetsera. Ndinaika dzanja pafupi ndi kukamwa kwa ekizozi. Mpweya sunkatuluka mosalala, unkati pu-pu-pu kenako n'kudumpha, pu-pu-pu n'kudumphanso. Injini yomwe ikungochepekedwa mpweya imatsika yonse pamodzi. Yanga inkatsimphina ngati munthu wopweteka mwendo umodzi. Ndiye kuti silinda imodzi sinkagwira ntchito mofanana ndi zinzake.

Loweruka lachitatu ndinayamba kuifunafuna silindayo. Injini ikulira, ndinkazula cholumikizira magetsi cha injekita imodzi (injekita ndiyo imapopera petulo ku silinda), kumvetsera, n'kubwezera. Ndimakonda njira imeneyi kuposa kuzula mawaya a mapulagi, chifukwa sikumenya shoko, komanso petulo wosapsa sapita ku ekizozi. Nditazula ya 1, injini inatsala pang'ono kuzima. Ya 2 chimodzimodzi, ya 3 chimodzimodzi. Ya 4, injini sinadziwe n'komwe kuti ndazula kanthu.

Silinda imafuna zinthu zitatu: moto, kupanikiza, ndi msakanizo woyenera wa petulo ndi mpweya. Waya wa pulagi ya 4 ndinauyeza ndi mita, unali pansi kwambiri pa 25 kilo-ohm omwe ndi malire, ndipo moto unkathetheka wabuluu. Kompuresheni, kupanikiza kuja, ndinaiyeza mtima uli m'mwamba, poopa kuti valavu yapsa, koma masilinda onse anayi anatuluka moyandikana, pamwamba pa 170 psi. Injekita ndinaimvetsera ndi sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injekita, chogwirira pakhutu, ndipo inkagogoda tiki-tiki ngati zinzake.

Ndipamene ndinakumbukira katoni ija. Mapulagi atatu anali ofiirira ngati dothi louma, koma ya 4 inali yoyera mbee. Pulagi yoyera chonchi imasonyeza kuti mpweya ukuchuluka, petulo akuchepa. Yankho linali pa shelefu kwa milungu iwiri.

Ndifotokoze pang'ono chomwe chinandisocheretsa, mwina chithandiza anzanga a injini zotere. Ndinali nditayang'ana kale mapaipi onse a vacuum, omwe injini imakokeramo mpweya, ndipo ndinadziuza kuti palibe pobowoka chifukwa idling sinali yokwera. Injini imeneyi simayeza mpweya wolowa pakhomo, imayeza mphamvu ya kukoka mkati mwa manifodi, mapaipi ogawira mpweya ku masilinda, kudzera pa MAP sensor. Paipi ikang'ambika pamalo omwe masilinda onse amagawana mpweya, kompyuta imaona n'kuwonjezera petulo, idling n'kukwera. Koma mpweya ukamalowa mwakuba pakamwa pa silinda imodzi, imeneyo yokha ndiyo imavutika, zinzake zitatu zili bwino, kompyuta osadziwa kanthu. N'chifukwa chakenso pamsewu sinkavuta. Ukaponda moto mpweya wolowa pakhomo umakhala wambiri, wakubawo sumveka. Ukaima, kachitseko katsekeka, injini imakoka mwamphamvu paliponse pomwe pali mpata.

Kuti nditsimikize, ndinathira madzi pang'ono ndi botolo lopopera pomwe manifodi imakumana ndi mutu wa injini. Ena amapopera mankhwala otsukira kabureta, ndipo amagwiradi ntchito, koma amayaka, ndipo pa injiniyi disitiributa, yogawira moto ku mapulagi, ili kumbali ya silinda 4 komweko. Sindinafune moto m'boneti. Pa 1, 2 ndi 3 madzi anangoyenderera. Pa 4 ndinaona ndi maso anga dontho likumwedwa m'mphepete mwa gasiketi yotseka mpata pamenepo, kulira kwa injini n'kusintha nthawi yomweyo.

Lero m'mawa ndamasula manifodi. Gasiketi yatuluka zidutswazidutswa, youma gwa, ndipo pansi pa bowo la 4 panali kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, kodetsedwa ndi fumbi lomwe lakhala likudutsapo. Ntchito yomwe yandidyera nthawi ndi kupala zotsalira za gasiketi yakale osakanda aluminiyamu. Ndatseka mabowo ndi nsanza zoyera, n'kupala pang'onopang'ono ndi kapulasitiki kolimba. Pomanga ndayambira pakati kupita m'mbali, kawiri, kuti manifodi ikhale mofanana.

Nditaliza, injini itatentha mpaka fani kuzungulira, muvi waima pa 800 osagwedezeka. Ndaika kapu ya madzi pa dashibodi, madziwo akungonthunthumira pang'ono pamwamba. Ndazulanso injekita ya 4, ndipo ulendo uno injini yadandaula ngati mmene inachitira ndi zinzake.

Chatsala chimodzi. Kuyambira tsiku lomwe ndinatsuka throttle body, m'mawa injini ikadali yozizira idling imakwera n'kutsika kangapo isanakhazikike. Pansi pa throttle body pamadutsa timapaipi tiwiri ta madzi a rediyeta, ndipo ndinatizula tsiku limenelo, choncho ndikukayikira kuti munalowa mpweya. Mawa nditsegula chivindikiro cha rediyeta injini ili yozizira, ndiilize hita ili pa kutentha mpaka thovu lithe. Zikapanda kusintha ndiyeza sensa ya kutentha kwa madzi, yomwe pa madigiri 20 a Celsius iyenera kuonetsa pakati pa 2 ndi 3 kilo-ohm. Ndigwira chimodzi chokha kaye, kuti ndidziwe chomwe chathandiza.