Ku Zomba musathamangire kuphiri

Anthu ambiri akafika ku Zomba amangolunjika kuphiri, koma ine ndimayambira m'munsi. Mzindawu unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Nyumba ya Malamulo yakaleyo ikadalipo, yaing'ono moti umadabwa kuti ankakwanamo bwanji. Chapafupi pali Hotel Masongola, nyumba yomangidwa mu 1886, ya tinsanja tiwiri tosongoka.

Pochokera ku Blantyre, taimani pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles, muwerengeko mayina a amene anafera ku nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Ambirife timangochidutsa pa minibasi.

Kuphiriko kwerani ndithu, mukaone dzenje la Chingwe ndi damu la Mulunguzi. Koma anyamata ogulitsa mastroberi m'njiramo, nenererani kaye mtengo musanatulutse ndalama.