Kolona m'thumba, cholembera m'manja

Mayi ena achikulire, omwe ndakhala ndikuwagwirira ntchito za malamulo kwa zaka zambiri, anabwera ku ofesi kudzasintha wilo yawo. Khansa inali itawadya moti mphete inkangozungulira yokha pachala. Titamaliza za nyumba ndi za ana, sanadzuke. Anakumbatira chikwama chawo n'kunena kuti, "A loya, pali china. Mundilembere kuti nthawi yanga ikadzakwana asadzandiike pa makina. Komanso mundiuze zoona, kodi dokotala angandibaye jakisoni woti ndigone osadzukanso?"

Funso lachiwirilo silinandivute. Lamulo lomwe ndimagwira nalo ntchito, monga la mayiko ambiri, limati kuthandiza munthu kudzipha ndi mlandu, ngakhale mwiniwake atachita kupempha chogwada. Ndinawauza choncho. Anangogwedeza mutu ngati munthu yemwe yankho ankalidziwa kale koma ankafuna alimve ndi makutu ake.

Chinandigwetsa ndi choyambacho. Ine ndine Mkatolika, ndipo kolona sachoka m'thumba la jekete langa ngakhale ndikamalowa m'khothi. Usiku umenewo ndikulemba chikalata chawo, mtima unkandiuza kuti ndikuthandiza munthu kuthawa moyo. Ndiye kumapeto kwa ndime yofunika kwambiri ndinalowetsamo timawu takuti "pokhapokha ngati achibale aona kuti n'koyenera kupitiriza chithandizo." Loya aliyense akudziwa zimene timawu totere timachita. Timalanda chikalata chonse m'manja mwa mwiniwake n'kuchipereka kwa anthu ena. Ndinadzinamiza kuti ndikuwateteza mayiwo, koma kunena zoona ndinkateteza chikumbumtima changa, pa ntchito yomwe iwo ndi amene ankalipira.

Atabwera kudzasaina anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga, chala chikutsatira mzere ndi mzere. Chitafika pa timawu tija chinaima.

"Apa wanena izi ndani? Ine?"

Ndinayamba kufotokoza kuti ndi mawu omwe timangoikamo. Anandidula. "Mwana wanga woyamba mukumudziwa. Sadzalola, ngakhale nditasanduka chikuni. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu, osati kwa iye."

Manyazi anandigwira ngati mwana wogwidwa dzanja lili mumphika. Ndinapepesa, n'kupempha masiku awiri.

M'masiku awiriwo ndinawerenga zomwe ndinayenera kuwerenga kalekale, ndipo ndinapeza kuti ndinkakhwimitsa zinthu zomwe mpingo wanga womwe sukhwimitsa. Kale mu 1957, Papa Pius XII anauza madokotala kuti munthu sakakamizidwa kugwiritsa ntchito njira zapadera zolemetsa pofuna kutalikitsa moyo. Mlandu wa Karen Ann Quinlan ku America unakhudza mfundo yomweyi. Mtsikanayu anakomoka mu 1975 ali ndi zaka 21 ndipo sanatsitsimukenso. Makolo ake, Akatolika olimbikira, atakambirana ndi wansembe wawo anapempha kuti makina opumira achotsedwe. Madokotala anakana, ndipo nkhani inakafika ku khothi lalikulu la New Jersey, lomwe mu 1976 linagwirizana ndi bambo ake. Chodabwitsa n'chakuti makina atachotsedwa Karen anapitiriza kupuma yekha mpaka 1985. Anthu ambiri amaikumbukira nkhaniyi ngati chiyambi cha "ufulu wa kufa", koma banja lija silinapemphe kuti mwana wawo aphedwe. Linangopempha kuti makina asiye kulimbana ndi Mulungu.

Kusiyanitsa kumeneku, pakati pa kuleka imfa ibwere ndi kuyiitana, kumapezeka m'malamulo komanso m'chiphunzitso. Ku England oweruza a House of Lords, lomwe linali khothi lalikulu la dzikolo panthawiyo, anakugwiritsa ntchito mu 1993 pa nkhani ya Tony Bland, mnyamata wovulala pa ngozi ya pabwalo la mpira la Hillsborough. Alipo akatswiri omwe amati n'kungosewera ndi mawu, poti kumanda n'kumodzi. Ine sindivomereza, ngakhale kuti mzerewo nthawi zina umachepa ngati ulusi.

Tsidya linalo kuli mayiko omwe anadumpha mzerewo poyera. Dera la Oregon ku America linayamba kulola mu 1997 kuti dokotala alembere wodwala yemwe watsala pang'ono kumwalira mankhwala oti amwe yekha. Netherlands ndi Belgium analola mu 2002 kuti dokotala achite yekha. Ku Canada khothi lalikulu linatsegula chitseko mu 2015, lamulo linabwera mu 2016, ndipo pofika 2021 linafutukulidwa kuti lifikire ngakhale anthu omwe imfa yawo sili pafupi. Kufutukuka kumeneku ndi kumene kumandiopsa. Pantchito yanga ndaona okalamba akusaina mapepala ogawa chuma chawo asakufuna, chifukwa choti ana atopa nawo. Munthu wodziona ngati mtolo amavomera zambiri, ndipo sindikhulupirira kuti fomu ndi madokotala awiri angathe kuona zonse zomwe zimachitika kuseri kwa chitseko cha nyumba.

Zimenezi ndingazinene pamaso pa woweruza aliyense, kaya ndi Msilamu, kaya sapemphera n'komwe, chifukwa ndi mfundo zoti iye angaziyeze n'kuzikana. Koma sindingaimirire m'khothi n'kunena kuti "Mulungu sakufuna." Woweruza adzandifunsa kuti ndime yanji ya lamulo, ndipo adzakhala akulondola.

Komanso ndinasiya kuganiza kuti okhulupirira onse ali mbali yanga. Arkibishopu Desmond Tutu, munthu yemwe anapemphera kuposa ine kutalitali, analemba mu 2014 kuti wasintha maganizo, ndipo mu 2016, pa tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 85, ananena kuti iye mwini angafune kudzakhala ndi mwayi wosankha. M'dziko lake lomwelo la South Africa, loya mnzathu Robin Stransham-Ford, akudwala khansa, anapempha khothi la ku Pretoria mu 2015 kuti dokotala amuthandize kufa. Woweruza Hans Fabricius anamulola, osadziwa kuti mwini mlandu anali atamwalira maola ochepa chigamulo chisanaperekedwe. Khothi la apilo linadzachifafaniza chigamulocho mu 2016. Ndikaiganizira nkhaniyi ndimaona munthu yemwe anathera masiku ake omaliza akusaina maafidaviti, zikalata zolumbirira za kukhothi, ndipo sindidziwa kuti ndimumvere chisoni kapena ndimupatse ulemu. Mwina zonse.

Anzanga ena m'ntchitoyi amayamba msonkhano uliwonse ndi pemphero, ndipo kasitomala wosauka, yemwe akufuna thandizo, amangotseka maso osatsutsa. Ena amati chikhulupiriro uzichisiya pakhomo ngati ambulera. Awiri onsewa sindigwirizana nawo. Chimene ndinaphunzira kwa mayi aja n'chakuti ngati chikumbumtima chikundiletsa ntchito yololedwa ndi lamulo, ndiyenera kunena pakamwa poyera, n'kumulozera munthuyo kwa loya wina. Kuibisa nkhondo yangayo m'timawu ta kumapeto kwa ndime kunali kuba.

Atabweranso ndinawapatsa chikalata chatsopano. Chinkanena kuti sakufuna makina opumira kapena kutsitsimutsidwa mtima ukaima, koma akufuna mankhwala opha ululu okwanira, ngakhale atamawagonetsa. Ndinawachenjeza kuti mphamvu ya chikalata chotere imasiyana malinga ndi dziko, kwina chimamanga madokotala, kwina chimangowaunikira, choncho akambirane ndi dokotala wawo komanso ndi mwana woyamba uja maso akali tcheru. Anawerenga kawiri, chala osaima paliponse, n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri.

Mboni zitatuluka anandiyang'ana. "Ndimaona kolona uja m'thumba mwanumo. Tiyeni tipemphere."

Ndinatseka fayilo, ndinavindikira cholembera, n'kuchoka kuseri kwa tebulo kukakhala pa mpando woyandikana nawo. Titati Ameni anapukuta magalasi ndi nsonga ya mpango.

"Nanga zimenezi," anatero, "mulembanso pa bilu?"