Detroit Lions yalowa ndime ya chipulula ili patsogolo

Masewero a mpira wa ku America (ligi ya NFL) a timu yathu ya Detroit Lions ndi Minnesota Vikings angotha kumene m'bandakucha uno, mu January 2025, ndipo tulo tandithawa chifukwa cha chimwemwe. Tapambana ndi mapointi 31 kwa 9 pa bwalo lathu la Ford Field, ndipo pamene wosewera wathu Jahmyr Gibbs amagoletsa touchdown (chigoli cha mapointi 6) yake yachinayi ndinaimirira, kapu ya tiyi ili m'manja, misozi ikulengeza m'maso. Tapambana masewero 15 mwa 17, tili pamwamba pa matimu onse a NFC (chimodzi mwa zigawo ziwiri za NFL), tipuma sabata yoyamba ya ndime ya chipulula, ndipo aliyense wofuna kutitulutsa ayenera kubwera ku Detroit.

Komabe mtima wanga sunakhazikike. Otchinga kumbuyo athu avulala ochuluka, kuyambira Aidan Hutchinson amene anathyoka mwendo mu Okutobala ku Dallas, ndipo sindinaiwale ndime ya chipulula ya chaka chatha, pamene tinatsogola 24 kwa 7 popita kokapuma koma San Francisco 49ers inatigonjetsa 34 kwa 31. Chondilimbitsa mtima ndi chakuti anyamata otsalawo lero sanalole Vikings kugoletsa touchdown ngakhale imodzi. Ngati woponya mpira wathu Jared Goff asamala mpira osaupereka kwa adani, ndikukhulupirira kuti mphunzitsi Dan Campbell atifikitsa ku New Orleans pa 9 February 2025, ku Super Bowl (masewero omaliza olimbirana chikho cha NFL) imene timu iyi, yomwe inatenga chikho komaliza mu 1957, sinasewerepo chiyambire.