Kukweza tsamba pa Google: luso lithera pati, chinyengo chiyambira pati

Gawo limene tangomaliza kumene pa maphunziro athu okonza masamba a pa intaneti kuno ku Tete linali la SEO, luso lokonza tsamba kuti Google iziliika pamwamba munthu akamafufuza chinthu. Nthawi yambiri sitinathere pa makodi ayi, tinathera pa mkangano wa khalidwe. Ndikulemba izi zisanandituluke m'mutu, komanso chifukwa sindinakhutire ndi mmene anzanga ambiri anaitsekera nkhaniyi.

Gwero lake ndi ili. Larry Page ndi Sergey Brin, amene anayambitsa Google mu 1998, anabwera ndi njira yotchedwa PageRank: tsamba likamalozedwa ndi masamba ena kudzera m'malinki, makamaka masamba odalirika, ndiye kuti lili ndi phindu, likwere. Nzeru yabwino ndithu, koma inatsegula msika. Linki itangokhala ndi mtengo, anthu anayamba kuigula ndi kuigulitsa, ena kutsegula masamba mazanamazana opanda kanthu amene ntchito yake ndi kulozerana okhaokha. Ena ankabwereza mawu amodzimodzi mpaka tsamba kusamveka, ena ankalemba zilembo zoyera pamalo oyera kuti maso a munthu asazione koma makina aziwerenge. Ndiye pali cloaking, kuonetsa makina a Google tsamba lina koma munthu n'kumupatsa lina. Aphunzitsi atafotokoza zimenezi, mnzathu wa ku Tsangano anati, "Aphunzitsi, imeneyo ndi ndowa ya mbatatesi ya m'mbali mwa msewu ija, zikuluzikulu pamwamba, pansi tonyozeka." Kalasi yonse inafa ndi phwete, koma palibe anatsutsa.

Musaganize kuti ochita zimenezi ndi tianyamata ta m'makona tokha. Mu February 2006 Google inachotsa kwa kanthawi tsamba la BMW la ku Germany chifukwa cha masamba onyengerera makina. Mu February 2011 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo yaikulu ya ku America, J.C. Penney, inkabwera pamwamba pa mawu ambirimbiri, kuyambira madiresi mpaka zofunda, chifukwa cha malinki masauzande omwazidwa pa masamba osagwirizana n'komwe ndi malonda ake. Kampaniyo inati sinkadziwa, inathetsa mgwirizano ndi amene ankaigwirira ntchitoyo, koma inatsitsidwabe. Mwezi womwewo Google inatulutsa njira yatsopano yosanjira masamba yotchedwa Panda, yolimbana ndi masamba opanda pake, ndipo mu April 2012 inatulutsa ina yotchedwa Penguin yolimbana ndi malinki achinyengo. Chomwe chinandiseketsa n'chakuti mu January 2012 Google inalanga tsamba lake lomwe la Chrome, pulogalamu yake yotsegulira masamba a pa intaneti, politsitsa kwa masiku 60, zitadziwika kuti pa kampeni yolitsatsa panali zolemba zolipiridwa zophwanya malamulo ake omwe.

Apa ndi pamene anzanga anatsekera: wotsatira malamulo a Google ndi white hat, wowaphwanya ndi black hat, nkhani yatha. Ine ndikuti ayi. Google si khoti, si mpingo, ndi kampani yomwe ndalama zake zambiri zimachokera ku zotsatsa malonda, ndipo malo oyambirira enieni pa tsamba la zotsatira imawagulitsa. Mu August 2024 woweruza Amit Mehta wa ku America anagamula kuti kampaniyi inaphwanya lamulo pofuna kusunga msika wa kufufuza pa intaneti m'manja mwake. Malamulo ake ndi ofunika kuwadziwa, ambiri ndi anzeru, koma amasintha, ndipo nthawi zambiri amabwera choipa chitachitika kale.

Taonani nkhani ya Vitaly Borker wa ku New York, yemwe ankagulitsa magalasi a maso pa tsamba lotchedwa DecorMyEyes. Ankatukwana ndi kuopseza makasitomala dala, ponena kuti akamadandaula pa intaneti dzina lake limatchulidwa kwambiri ndipo tsamba lake limakwera. New York Times italemba za iye mu November 2010, Google inasintha kasanjidwe kake patangopita masiku ochepa, ndipo mu 2012 iye analamulidwa kukhala m'ndende zaka 4. Kodi Google isanasinthe kanthu, zomwe ankachitazo zinali zabwino? Wolakwiridwa sanali makina, anali mayi amene anagula magalasi n'kumalandira mafoni omuopseza.

Ntchito ya gulu lathu inali yokonza tsamba la nyumba yogona alendo yongopeka ya ku Ulongué. Mmodzi wa ife, wochenjera bwino pa kompyuta, anabwera ndi pulani: tipange masamba angapo ofanana, lina la "malo ogona ku Zóbuè", lina la Moatize, lina la Songo, onse azilozera ku nyumba imodzi yomweyo. Anati, "Achimwene, palibe yemwe tikumubera, tikungotchera khoka lalikulu." Ndinamupempha kuti aganizire dalaivala wa thiraki amene wawoloka malire pa Zóbuè dzuwa litalowa, watopa, foni yatsala pang'ono kuzima, mamega akutha. Walemba kuti malo ogona ku Zóbuè, chabwera pamwamba ndi ifeyo, waimba, kenako amva kuti ayenera kukapatuka pa Mussacama n'kukwera mtunda wonse wa ku Angónia usiku. Tamubera nthawi, tamubera mayunitsi, ndipo mwini kanyumba kogona komwe kalidi pa Zóbuè tamulanda mlendo wake.

Ndipo kwathu kuno vutoli ndi lolemera kuposa ku London kapena ku Johannesburg. Kumeneko munthu akakayikira tsamba limodzi ali ndi ena ambirimbiri oyerekezera. Za Furancungo, za Chifunde, za Ulongué, masamba ndi owerengeka, a m'Chichewa ndiye kaya. Kukwera n'kosavuta, ndipo bodza likakwera limakhala lokha pamwambapo popanda wolitsutsa. Masiku ano munthu atha kutulutsa nkhani mazana pa tsiku pogwiritsa ntchito AI, mapulogalamu a kompyuta odzilembera okha nkhani, osaziwerenga n'komwe, ndipo mu March 2024 Google inalengeza malamulo olimbana ndi zimenezi. Koma mlimi wa ku Tsangano amene akufufuza mankhwala a chiwawu cha mbatatesi akapeza muyezo wolakwika pa tsamba longofuna ndalama za zotsatsa, munda wake upserera chilango cha Google chisanafike.

Za ndemanga zabodza sitinachedwepo. Kupempha mlendo amene wagonadi kuti alembe maganizo ake pa Google Maps palibe vuto. Kutuma asuweni ndi alamu onse kuti apereke nyenyezi zisanu pomwe sanapondepo phazi ndi kunama basi, ndipo lamulo la Mozambique loteteza ogula, Lei 22/2009, limaletsa kutsatsa malonda monyenga.

SEO yoyenera ndi ntchito yotopetsa, yopanda matsenga. Tsamba lizitseguka msanga ngakhale netiweki ili yofooka, zithunzi zisamadye mamega. Mutu uzinena zomwe zilidi mkatimo. Mtengo wa chipinda ulembedwe m'mameticais, nambala ya foni ikhale yoti wina ayankha, zidziwike ngati mumalandira M-Pesa kapena e-Mola, ngati pali madzi otentha, poti kuzizira kwa ku Angónia mwezi wa June si kwamasewera. Kulemba m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa momwe si chinyengo, chifukwa anthu ake amafufuza m'zilankhulo zonsezi.

Masamba a Zóbuè ndi Songo aja tinawasiya. Mkangano womwe unatenga nthawi unali wa chiganizo chimodzi, choti nyumbayo ili "pafupi ndi malire a Calómuè". Wina anati n'zoona, poti ochokera ku Dedza amadutsadi pa Ulongué. Wina anati pafupi pa wagalimoto si pafupi pa munthu wodikira chapa (minibasi) madzulo atasenza katundu. Tinachichotsa, m'malo mwake tinaika makilomita enieni monga mapu akusonyezera, ndi mzere wina wonena komwe machapa amaima.